Makaseti Okuwa a Timoti

Loweruka pa siteji ya pa Boma, minibasi ya ku Limbe ikuchedwa kudzaza, ine khutu linali kwa mayi ena a ku Ndunde ndi mnyamata wina wa ndolo amene ankasuzumira m'jumbo mwawo.

"Mayi, makaseti onsewa ndi anu?"

"Ndi a mwana wanga Timoti. Amalume ake amamutumizira kuchokera ku Joni. Ndikupita nawo kwa abusa akawatenthe."

"Alakwanji?"

"Dzana anatsegula kaseti yakudayi. Mudzi wonse unathamangira kwathu, azimayi atamanga kale zitenje m'chiuno, kuyesa kwagwa maliro."

"Imeneyo ndi ya chamba cha nyimbo chotchedwa metalcore. Mwa onse otuluka chaka chino, palibe yoposa imeneyo. Woyimbayo amakuwadi, koma mumvetsere ng'oma zake."

"Nanga iyi ya mnyamata wogwetsa nkhope?"

"Emo, madandaulo a chibwenzi chakutha. Nyimbo zoyambirira zili bwino, zotsalazo n'kulira kwa mwana wokhuta."

"Yachikasuyi?"

"Pop-punk. Imathamanga ngati njinga yopanda mabuleki. Mutapalira nayo nandolo, munda utha lero lomwe."

"Achimwene, nenani zoona. Mulibe ziwanda?"

"Chiwanda chake chiti chingapirire phokoso limenelo? Mwanayo akamvera amatani?"

"Amakamenya zitini kuseri kwa nyumba. Chimwalirireni bambo ake sankayankhula ndi munthu. Pano amaseka, mpaka kundilonjera m'mawa."

"Ndiye abusawo akatenthe chiyani?"

Mayiwo anamanga jumbo yawo.

"Akondakitala, ikani wina pamalo pangapo. Yachikasuyi ndikayambe ndamva ndekha."