Chikho cha Hip-hop cha ku Al Quoz

Ine ndinafika ku Dubai ndi chikwama chimodzi, lero ndili ndi malole asanu ndi awiri, ndipo Guangzhou ndi Istanbul ndimapitako ngati kumsika. Choncho mwambo wopereka mphoto kwa oimba a ku Malawi ndi Zambia okhala kuno umachitikira m'nyumba yanga yosungiramo katundu ku Al Quoz, ndipo chikho cha vidiyo ya hip-hop ndinagula ndine.

Lamlungu lina masana a Stewart, tcheyamani wathu amene amayendetsa galimoto ya bwana wina ku Jumeirah, ankapukuta chikhocho. Kenaka analowa Florah, mlezi wa ana kunyumba yoyandikana ndi ya bwana wawoyo. Mnzake Brenda anali atatumiza vidiyo ya nyimbo ya Florahyo kumpikisano osamuuza, ndipo vidiyo yopambana timaiika pa intaneti kuti aliyense aione.

"A tcheyamani, ndabwera kudzapempha kuti ndisapambane."

"Musaope, achemwali, mwapambana kale. Ndangoonera chiyambi chokha n'kuti khalas, nkhani yatha."

"N'chimene ndikuopacho. Ndinajambulira m'chipinda chochezera cha madamu iwo ali kutchuthi."

"Ndaona. Mipando ija ndiyo yakupambanitsani."

A Stewart anamukhazika pa katoni n'kuyamba mbiri ya mphothoyi. Anati poyamba panali gawo limodzi la vidiyo, ndipo makwaya ankangotenga chaka ndi chaka chifukwa kwaya imodzi ndi mavoti makumi atatu. Anyamata a rapu atadandaula, mu 2019 tinawapatsa gawo lawolawo, limene wopambana amasankhidwa ndi tcheyamani. Analoza dzina loyamba pachikhopo.

"Eddie. Uja anaimba atagona m'mbali mwa dziwe losambiramo."

"Dziwe la bwana wake," anatero Florah. "Ali kuti pano?"

"Dziko lonse linamuona."

"Bwana wakenso anamuona. Ali ku Mponela."

"Ndiye kuti anabwerera kwawo ali wotchuka. 2021, Kapambwe wa ku Chipata, padenga la nyumba yosanja ku Sports City."

"Mlonda uja. Nthawi ya ntchito, geti atalisiya lotsegula."

"Luso limafuna kulimba mtima, achemwali."

"Nanga 2020 mwaidumphiranji?"

"Kunali korona, sitinapereke. Chaka chomvetsa chisoni."

"Ndi chaka chokhacho chimene palibe anachotsedwa ntchito."

A Stewart anati zimenezo ndi nsanje za anthu olephera. Florah anawerenga mayina otsala mmodzimmodzi ndi chala: Malumbo wa wotchi ya bwana, Jethro wa boti la kuhotelo, Abraham wa galu wa madamu. Anatchulanso tsiku limene aliyense anakwera ndege. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti viza yake ili m'manja mwa madamu, ndipo ana ake awiri ali pasukulu ku Dedza.

"Ndiye mupatseni wina," anatero.

"Malamulo sasintha. Ndinalemba ndine, ndi cholembera changa. Wopambana ndi wopambana, vidiyo imapita pa intaneti."

"Ngakhale mwiniwake akane?"

"Ngakhale alire. Mukufuna ndipatse a ku Zambia kachiwiri?"

"Eya."

"Taonani kudzichepetsa kwakeko," anandiuza a Stewart. "Ndi mmene amakhalira akatswiri."

Ine ndayenda kwambiri, ndimadziwa nthawi yoyatsa kanema. Ndinati tiionere yonse pa sikirini yanga yaikulu ija ndinaitanitsa ku Guangzhou. A Stewart ankagwedeza mutu motsatira ng'oma. Mipando inatha, panabwera galimoto yoyera, yaitali, itaima m'mbali mwa nyanja.

"Ee, iyi ndiye galimoto," anatero. "Munaipeza kuti?"

"Munatinyamula ndinu, tikuchokera kutchalitchi."

Mutu unasiya kugwedera. Kamera inatsikira pa nambala. Kuno nambala yaifupi ndi ulemu wa munthu, ndipo ya bwana wa a Stewart ili ndi manambala awiri okha. Jumeirah yense amaidziwa kuposa nkhope ya mwini wake. Kenaka zenera linatsika. Munali a tcheyamani athu, atavala magalasi a bwana, akuvina ndi mapewa.

"Brenda ankajambula?"

"Munamuuza nokha kuti akutengeni mbali yabwino."

"Ndimayesa n'zongoseka."

"Tinasekadi."

A Stewart anakhala pa katoni ina. Anafunsa ngati chigawocho chingadulidwe. Florah anawakumbutsa lamulo lachinayi, loti vidiyo imaikidwa mmene inabwerera.

"Linalembedwa ndi cholembera chanu," anatero. "Ndiye ndibwere nthawi yanji kudzalandira?"

A Stewart anayang'ana chikho, anayang'ana sikirini, n'kundipempha kuti ndibwezere nyimboyo poyambira. Anamvetsera atatsinzina, dzanja lili pachibwano.

"Achemwali," anatero, "ndamvetsera bwino tsopano. Iyi si hip-hop. Ndi kwaya."