Chifuwa cha a Jinadasa

Malemu a Tilakasiri Weragoda anabadwa pa 9 Malichi 1947 ku Akuressa, m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Amonke olemekezeka a pakachisi wathu ndi inu nonse, ine ndine Wijesiri, mng'ono wawo. Anandichenjeza kuti ndikakulizani lero adzadzuka n'kundilanda pepalali, choncho wofuna kuseka aseke.

Sukulu anayambira pakachisi wa m'mudzi mwathu mu 1953, n'kukamalizira ku Matara mu 1965. Masamu ankawazunza, koma pa kutsanzira mayendedwe a aphunzitsi panalibe wowaposa, ndipo zikoti anadya zokwanira chifukwa cha luso limeneli. Mu 1968 analowa ukalaliki ku Colombo, kumene ankalemba timasewero ta pawailesi bwana akangotuluka.

Mu 1973 anakwatira mayi Kusumalatha. Anakonza ukwatiwu ndi achimwene a mkwatibwi, a Jinadasa, omwe ntchito yawo inali kupezera anthu mabanja. Ankayenda khomo ndi khomo, ambulera yakuda m'khwapa, kutamanda anyamata kwa makolo a atsikana. Koma anali ndi chizolowezi chimene eni ake sankachidziwa: akanena bodza, ankatsokomola kawiri. Atauza makolo athu kuti mlongo wawo ndi katswiri pophika, anatsokomola. Alamu anga a Kusumalatha, mundikhululukire. Atabwerera kwawo n'kunena kuti mnyamatayo ndi wofatsa, akuti anatsokomolanso.

Mu 1984, wailesi ya kanema itangoyamba kumene, malemu analemba sewero loseketsa lotchedwa Ambulera Yakuda, lonena za munthu wina dzina lake Appuhamy, wopezera anthu mabanja wachifuwa chomuulula. Akuluakulu muli pano mukukumbuka. Lachiwiri madzulo misewu inkangoti zii. Kwathu mudzi wonse unkaunjikana pakhonde la sitolo, maso pa kanema mmodzi woyendera batire ya galimoto, ndipo Appuhamy akatsokomola, khamu lonse linkatsokomola naye. Pambuyo pake analemba masewero ena ambiri, opanda zolaula, oti agogo ndi adzukulu n'kuonerera limodzi. Za masiku anozi ndisanene, ndili pamaliro.

Koma pamene dziko linkaseka, a Jinadasa zinawathina. Makolo anasiya kumvera mawu awo, ankangodikira chifuwa. Ana ankawalondola kumsika akutsokomola. Chaka chisanathe, ntchito yawo ija inatha, ndipo anatsegula kagolosale. Tsiku lina anafika pachipata cha malemu n'kukuwa kuti, "Iwe Tilak, ine ndinakupatsa mlongo wanga, iwe wandisandutsa nyani wa pakanema! Phazi langa silidzapondanso pano." Tsiku limenelo sanatsokomole.

Chaka chatsopano chilichonse, chomwe kwathu kuno chimayamba mu Epulo, malemu ankanyamula masamba a betele kukagwada kwa alamu awo, monga tichitira kwa akuluakulu. Chaka chilichonse ankabwerera nawo masambawo m'manja. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo mayi Kusumalatha ndiwo anavutika koposa, kukhala pakati pa mwamuna ndi mchimwene. Malemu anapuma pantchito mu 2007 ali ndi ulemu wochuluka, koma ankandiuza kuti, "Wije, ndaseketsa chilumba chonse, koma m'modzi yekhayu ndinamuliza. Ndifa asanandikhululukire."

Mu Disembala chaka chatha anayamba kudwala mtima, ndipo mwezi uno anagonekedwa m'chipatala ku Galle. Lachisanu lapitali tinangomva ambulera ikugogoda pansi m'wodi. Anali a Jinadasa, patatha zaka makumi atatu ndi zinayi. Anayima kumiyendo kwa bedi, nkhope ili gwaa, n'kunena kuti, "Usadzimve, sindinabwerere iwe, ndimangodutsa. Ndipo zopusa zako zija sindinaonerepo ngakhale kamodzi." Atatero anatsokomola kawiri.

Malemu anaseka mpaka anamwino anabwera chothamanga. A Jinadasa anayesa kulimba, koma nawonso chiseko chinawagwira, misozi ili mbwembwembwe. Anagwirana manja mpaka nthawi yoona odwala inatha. Lamlungu pa 17 Febuluwale 2019, achimwene anatisiya ali ndi zaka 71.

Asiya mayi Kusumalatha, ana atatu, Chandima, Ruwanthi ndi Asela, komanso adzukulu asanu. Tikuthokoza amonke, madokotala ndi anamwino, anzawo a zisudzo amene abwera kuchokera ku Colombo, anyamata amene anamanga mbendera zoyera za maliro mumsewu, ndi anansi amene akutiphikira mpunga, dzungu ndi nsomba zouma.

Tithokozenso a Jinadasa, awo akhala kutsogolowo. Dzulo anayima pafupi ndi bokosi n'kunena kuti, "Pa maukwati onse amene ndinakonza, mlongo wanga ndinam'pezera mwamuna wabwino." Nyumba yonse inakhala chete, tonse kudikira. Sanatsokomole.

Achimwene, munamva nokha. Njira ya ku Nibbana, kumene mavuto onse amathera, ikupepukireni, ndipo muuse mumtendere.