Thanki ya Bambo Venâncio Kanyemba

Malemu Bambo Venâncio Kanyemba anabadwa pa 14 Maio 1961 ku Ulongwe, ku Angónia. Sukulu anaphunzira komweko, ndipo ntchito yomanga anaidziwira m'manja mwa amalume awo.

Mu 1986 anathawira nkhondo ku Dedza, kumene anakwatira Mayi Eneles. Anabwerera mu 1993, nakhazikika kuno ku Degue, mumzinda wa Tete.

Mu 2009 anthu a m'dera lino anawapatsa ntchito yomanga thanki ya madzi. Dzuwa la Tete mukulidziwa. Chaka chisanathe konkire inang'aluka, madzi onse n'kutayika. Malemu anapatsidwa dzina loti a Mng'alu, ntchito zinasiya kubwera, ndipo zinawapweteka kwambiri mumtima. Ena mwa amene munapeka dzinali muli pompano, koma musaweramitse mitu.

Kugwa m'mbuna sikuti wafa. Malemu anayamba kutentha zitsononkho za chimanga, kusefa phulusa lake, ndi kulithira pang'ono m'malo mwa simenti ina. Ankadulanso khonje tizidutswa totalika ngati chala, kuti tizimanga konkire mkati. Mayi Eneles ndi mboni: sefa yawo ya ufa inapita, chingwe choyanikira zovala chinapitanso. Timiyala ta konkire toyesera tinadzaza bwalo, tina tikusweka, tina tikukana nyundo, iwo akungosintha muyeso.

Mu 2015 anapempha kuti amangenso thankiyo popanda malipiro. Ambiri anakana, amayi otunga madzi ndiwo anawalola. Anaimanga, naifunditsa masaka onyowa mpaka inakhwima. Yapirira dzuwa la chaka ndi chaka, yapirira ndi chimvula cha mu 2022. Amisiri a m'madera a Canongola ndi Samora Machel anayamba kubwera kudzafunsa muyeso, ndipo malemu sanabise kanthu.

Anayamba kudwala impso mu Junho 2024, ndipo atisiya Lachiwiri lapitali kuchipatala. Asiya Mayi Eneles, ana atatu, a Dércio, a Yara ndi a Tiyamike, komanso zidzukulu zisanu.

Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi amayi amene mwaphika. Madzi amene mwaphikira, ndi amene tonse tasamba m'manja lero, atungidwa m'thanki ija. Mpaka lero sinadonthepo.

Bambo Kanyemba, dzina lanu munaliwombola. Usani mumtendere.