Dzanja Lawo Silinkanjenjemera ndi Mowa

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1958, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anaiyamba mu 1965, ndipo mu 1981 anatsiriza maphunziro a zachipatala. Mu 1984 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa.

Kwa zaka makumi atatu ankagwira ntchito m'kachipinda kopanda zenera, kuunika amayi oyembekezera ndi makina a sikani. Enanu muli pano anakuonani musanabadwe.

Mu 2009 dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Likagwira chinthu linkakhala bata, akangolisiya pamwendo n'kuyambiranso. Mawu anayamba kulemera, poyenda n'kumakokera mapazi. Kuntchito anati ndi matsire, ndipo mu 2011 anawachotsa. Ifenso abale, tisabise mawu, tinawakhazika pansi kawiri konse kuwalangiza za mowa, munthu woti ngakhale paukwati wawo anamwa tiyi. Anakana mpaka kutopa.

Mu Meyi 2014 anaitanidwa ndi dokotala wina yemwe kale iwo anamuphunzitsa kagwiridwe ka makinawo. Anawapaka mafuta ozizira a sikani pambali pa mutu, pomwe fupa ndi lopyapyala, n'kuunika ubongo. Malemu anapempha kuti chithunzicho awatembenuzire, ndipo anadzionera okha kamalo kowala mkatikati mwa ubongo, kokula kuposa muyeso. Atapimanso m'njira zina, dokotala ananena kuti ndi matenda a Pakinisoni, omwe sachizika. Alamu akuti njira yonse yobwerera kunyumba malemu ankamwetulira. "Bola ndi matenda," anatero. "Ana anga amve."

Ntchito sinabwererenso. Mankhwala anathandiza zaka zingapo, kenako nawonso anafooka. Kuyambira mu 2021 anali chigonere, alamu akuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa madzi pasupuni. Anatisiya pa 3 Juni 2024, chibayo chitawapeza thupi litatha kale. Anali atatopa, ndipo owadwazika nawo anali atatopa.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Tikuthokoza dokotala uja, anamwino, ndi anansi amene ankathandiza kuwanyamula kukwera masitepe. Koposa onse tikuthokoza alamu, amene okha sanawakayikire ndi tsiku limodzi lomwe.

Ife amene tinawakhazika pansi tinakhala ndi zaka khumi zoti tipepese. Tinkabwera kudzazonda, kucheza za mpira, n'kutsanzika. Achimwene, tachedwa nazo, koma pamaso pa anthu onsewa tikuti pepani. Pumulani tsopano, mzimu wanu uuse mumtendere.