Mbendera Yosokedwa ndi Ulusi Wakuda ya Malemu Eneya Msokera

Malemu bambo Eneya Zakeyu Msokera anabadwa pa 9 Marichi 1951 m'mudzi mwa Kapinya, mfumu yaikulu Dambe, m'boma lino la Mchinji. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi awiri a bambo Zakeyu Msokera ndi mayi Esitele Nambewe, amene onse anatsogola kale. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Benedicto Kachigwada, mlembi wa gulu la Okumbukira Njanji limene malemuwa anayambitsa. Akubanja andipatsa zaka ndi maina, ati zotsalazo ndinene ndekha poti ndayenda nawo zaka 45. Abusa, mafumu ndi anamfedwa nonse, mundipirire ndikatalikitsa pang'ono. Pali mawu amene ndiyenera kuwanena bokosi lisanatsike.

Sukulu anayamba mochedwa, ali ndi zaka khumi, chifukwa ankaweta ng'ombe za amalume awo. Anakhoza Sitandade 8 mu 1969, nalemba JC mu 1971, koma sanapitirize poti bambo awo anamwalira chaka chomwecho. Mu 1972 anapita ku Salima kukafuna ntchito, ndipo n'kumene anaona njanji koyamba. Ankatiuza okha kuti tsiku limenelo anaiwala za ntchito, anangoitsatira njanjiyo wapansi kufuna kuona pamene yathera, mpaka nsapato zinawatupitsa mapazi.

Mu 1976 anamanga banja ndi mayi Luwiza Nangondo a m'mudzi muno mwa Mphanda, mfumu yaikulu Zulu. Anadzamanga kuno kuchikamwini, ndipo nyumba imene tatulukamo ndi maliroyi anaiumbira okha njerwa pa nthawi ya tchuthi. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu ndi mmodzi, mmodzi anamwalira ali wakhanda.

Ntchito ya njanji anayamba mu 1973 ku Limbe, monga wonyamula katundu pa siteshoni. Kenaka anaphunzira kusintha njira za sitima, nagwira ku Balaka ndi ku Chipoka. Njanji itafika kuno kwathu anapempha kuti abwerere, ndipo mu 1980 m'pamene ine ndinakumana nawo, ndili gadi wa sitima ya katundu. Anakwera mpaka kukhala oyang'anira siteshoni, n'chifukwa chake ambiri a inu dzina loti Eneya mwalimva lero, munkangoti a Masitala. Anali munthu wosaseka ndi ntchito. Buku lonse la malamulo a njanji analiloweza pamtima, ndipo ankati munthu woyamba kutsegula buku sitima ili pafupi amapha anthu. Ine anandiimikapo padzuwa kuti ndilakatule malamulo khumi chifukwa ndinafika ndi nyali yosapukuta galasi. Ndinali ndi ana atatu kale nthawi imeneyo! Anapuma ntchito mu 1999.

Ku mpingo anabatizidwa mu 1967 ku CCAP, ndipo anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo mu 1994. Abusa amene analalikirapo pamaso pawo akuidziwa wotchi ya tcheni ija. Ulaliki ukadutsa nthawi, ankaitulutsa m'thumba, n'kuitsegula, n'kuitseka mwaphokoso. Ine wa Katolika ankandiseka kuti kwathu Misa imayamba ngati sitima ya katundu, pamene yafunira. Komabe odwala a mipingo yonse ankawayendera pa njinga yawo, osasankha.

Tsopano ndinene za gulu. Mu 2006 tinaika mnzathu Davie Kambalame, amene anali dalaivala wa sitima. Patangopita sabata, a Masitala anakumana ndi munthu wogula zitsulo zakutha, atamangirira nyali ya Davie pa kaliyala pamodzi ndi mapoto obooka. Anaiwombola ndi tambala wa m'khola la mayi Nangondo, ndipo mayiwa nkhani ya tambalayo sanaiiwale. Mwezi womwewo anatiitana ife tonse amene tinagwirapo ntchito ya njanji, tinakumana anthu 31 pakhonde pawo. Anati tikagona, adzukulu athu adzaona zitsulo ziwiri zili m'tchire osadziwa kuti anthu anathera moyo wawo pamenepo. Tinagwirizana zosonkhanitsa katundu wakale wa pantchito ndi kumanga nyumba yomuonetseramo, myuziyamu ya njanji ya kuno kwathu. Palibe amene ankalandira kanthu. Tinkayendera chikondi basi.

Malemu anapalasa njinga mpaka ku Chiosya, ku Dambe, ngakhale kutsidya kwa malire kumene anzathu ena anakakhazikika. Anabwera ndi nyali, mawezulo, zipewa, majekete a mabatani owala, zoboolera matikiti, belu, zithunzi ndi mbendera. Zambiri zinachokera kwa amayi amasiye, ena muli pompano. Simunagulitse, simunapereke mphatso, munabwereketsa. Ndipo a Masitala analonjeza aliyense kuti nyumba ikadzatsegulidwa, pansi pa chinthu chilichonse padzalembedwa dzina la mwini wake ndi ntchito imene ankagwira. Lero m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya malemu muli zinthu 217.

Cholakwa chathu chinayambira pamenepo. Sitinalembe. Mayi wamasiye akabwera ndi chipewa cha mwamuna wake atachikulunga m'chitenje, akulira, kumutulutsira pepala loti asaine kunkaoneka ngati kumukayikira. Komanso a Masitala ankazidziwa zonse pamtima monga ankadziwira malamulo aja. Ukangotola wezulo, iwo ankanena mwini wake, mudzi wake, sitima imene ankayendetsa ndi tsiku limene anaibweretsa. Ife tinkangoseka n'kumati mutu wa a Masitala ndi buku lokwana. Ine amene ndimatchedwa mlembi, ndinkalemba amene abwera ku msonkhano ndi amene apepesa, basi.

Tinali ndi mwambo wathu umene ambiri mwauonapo kumanda. Mnzathu akamwalira, bokosi likamatsika, timakweza mbendera yobiriwira, imene pa njanji imauza dalaivala kuti njira ili bwino, anyamuke. Ndipo imakhala mbendera yake yeniyeni ya pantchito ngati anali nayo. A Masitala anachita zimenezi pa maliro 22, atavala yunifolomu yonse, kaya kugwe mvula. Mwa anthu 31 aja tatsala asanu ndi atatu.

Malo a myuziyamu anatipatsa amfumu, pafupi ndi msewu wopita ku siteshoni. Njerwa tinaumba tokha, madoda a imvi, misana ikulira. Khoma linafika pamwamba pa mazenera. Mu 2023 kunabwera alendo odziwa kasungidwe ka zinthu zakale kuchokera ku Lilongwe. Anakondwa kwambiri, koma anati kuti atithandize denga ndi mashelefu, tiyambe taonetsa kaundula: chinthu chilichonse, mwini wake ndi mbiri yake. Tinavomera. Tinati tilemba tikakolola, kenaka tikagulitsa fodya, kenaka mvula ikatha.

Matenda anawayamba mu Januwale chaka chino. Anali shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anagonekedwa kuchipatala cha pa boma, kenaka ku Lilongwe, ndipo mu Juni anabwerera kunyumba miyendo itatupa. Apa ndinene zoona pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu. Malemu anandiitana katatu. Ulendo woyamba ndinawapeza atagula kope lachikuto cholimba, pamwamba atalembapo kuti Kaundula. M'kati analemba mzere umodzi wokha, nyali ya Davie Kambalame, kenaka dzanja linakana. Anandiuza kuti nditenge mpando ndi cholembera, iwo azinena, ine ndizilemba.

Ndinakana. Ndinawauza kuti asamalankhule choncho, tidzalemba akachira. Mukudziwa nonse mmene timachitira kuno: wodwala akayamba kutchula katundu, ichi n'cha uje, icho n'cha uje, timati akutsanzika, ndipo womulembera amakhala ngati akuitana imfa. Ndinaopanso kuti abale angamve zoti Kachigwada akuwerenga katundu wa munthu ali moyo. Ulendo wachiwiri ndinabwera ndi malalanje n'kuyamba nkhani za mpira. Ulendo wachitatu anakalipa, mawu aja a pa siteshoni, ati Benedicto, ndinakuphunzitsa kuti munthu satsika ntchito asanapereke m'manja mwa mnzake. Ine ndinaseka, n'kunena kuti nthawi yawo yotsika sinakwane. Ndinkaona ngati ndikuwalimbitsa mtima.

Pa 3 Ogasiti anagwa pakhonde, mbali ya kumanja inafa, ndipo pakamwa panatsekeka. Pamenepo m'pamene ndinathamanga ndi kope lija. Ndinkawabweretsera chinthu pa bedi, n'kumatchula maina amene ndikukumbukira kuti agwedeze mutu. Maso ankadziwa, abale anga, koma mawu osatuluka. Pa masabata khumi tinapeza maina atatu okha. Tsiku lina ndinawaonetsa wezulo, anaiyang'ana nthawi yaitali, misozi n'kumatsika, ine ndatha maina onse. Kuyambira tsiku limenelo sindinabweretsenso kanthu. Anamwalira Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 74.

Dzulo tinatsegula bokosi la mbendera kuti titenge yawo ya mwambo wa lero. Tinapezamo mbendera zobiriwira 11, zonse zofanana, zonse zosuluka. Madoda asanu ndi atatu tinakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Munthu amene anaperekeza anzake 22 osasokonezapo mbendera, ife tinatsala pang'ono kumuperekeza ndi ya mwini wina. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze.

Amene anatilanditsa ndi mayi Tabeth, amasiye a Davie uja. Anatiyang'ana n'kutifunsa ngati tafunsako eni nyumba. Ife tinati namfedwa savutitsidwa. Iwo anangonyamula mbendera zonse n'kulowa nazo m'nyumba ya siwa. Akuti mayi Nangondo anayendetsa chala m'mphepete mwa iliyonse, n'kutulutsa imodzi yosokedwa ndi ulusi wakuda. Inang'ambika pa chitseko cha bogi ya sitima mu 1988, ndipo anaisoka okha, wobiriwira unalibe m'nyumba. Sanalekere pomwepo. Ati iyi inabwera ndi mayi wa ku Chiosya amene anakana tiyi chifukwa cha shuga, iyi inabwera ndi bambo wotsimphina wa kutsidya amene anagona masiku awiri. Anazindikira zisanu ndi imodzi, ali pamphasa ya maliro.

Zaka 19 takhala tikukumana pakhonde pawo. Mayiwa ankalandira mlendo aliyense wobwera ndi katundu, ankamuphikira, ankamuperekeza. Ife ankatibweretsera thobwa n'kubwerera kuseri, ndipo palibe tsiku limene tinawauza kuti akhale pansi amve nawo. Mayi Nangondo, ngakhale muli m'misozi, landirani kupepesa kwa gulu lonse. Ntchito ya zinthuzo timaidziwa ife, koma anthu ake mukuwadziwa ndinu.

Komabe iwonso sangadziwe zonse, pakuti zambiri malemu ankakatenga okha kumidzi. Ndipo nthawi yatithera. Mwa mwambo, katundu wa malemu amayenera kugawidwa Loweruka lino tikasesa. Ang'ono awo, bambo Mateyo Msokera, anatifunsa funso loona, ati adziwa bwanji cha mkulu wawo ndi chobwereka, popeza zonse zili m'chipinda chimodzi. Sindikuwadandaula, ndikuwathokoza, chifukwa avomera kuti chipindacho chikhale chokhoma mpaka pa 15 Novembala. Chimene chidzakhale ndi dzina m'kaundula chidzasungidwira myuziyamu. Chimene chidzakhale chopanda dzina chidzawerengedwa kuti n'cha malemu, chidzagawidwa. Ndipo tisanamizane, chitsulo chikalowa m'mudzi sichikhalitsa. Ogula zitsulo aja adutsa kale kawiri pamsewu apa sabata ino, akufunsa ngati pali belu.

Choncho pempho langa ndi ili. Tikachoka kuno kumanda, tikasamba m'manja, ine ndikakhala pakhomo la chipinda chija ndi kope ili. Amene munabwereketsa kanthu, kapena munamva mayi anu akunena kuti chipewa cha bambo chili kwa a Masitala, musanyamuke musanandione. Amene sanabwere mukawauze, ngakhale a kutsidya. Ndidzakhalapo tsiku lililonse mpaka tsiku limene tapatsidwalo. Musachite manyazi kulembetsa. Manyazi amenewo ndi amene atifikitsa pano. M'kope muno muli mizere khumi, yatsala 207.

Malemu bambo Eneya Zakeyu Msokera asiya mayi akunyumba, Luwiza Nangondo. Ana asanu, aakazi atatu ndi aamuna awiri. Adzukulu 14 ndi zidzukulutudzi ziwiri. Mng'ono wawo mmodzi ndi alongo awo awiri. Asiyanso khoma lopanda denga, ndi ife anzawo asanu ndi atatu.

Mbendera yawo ndi iyi, ya ulusi wakudayi. Abusa akatiloleza, ndiikweza ine, ngakhale sindine woyenera. A Masitala, munandiitana katatu kuti mupereke ntchito m'manja mwanga, ine ndinabisa manja. Lero ndawatambasula mutapita kale. Ndikhululukireni. Cholembera ndatenga, mpando ndikakhalapo.

Njira ili bwino, anyamuke. Apumule mu mtendere.