Ndinawasambitsa, Boma n'Kuti Achira

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse, a kuno ku London ndi akumudzi omwe. Ine ndine mayi a Tadala, wa ku Lewisham. Amene mumandidziwa mumati ndine wosachedwa kupsa mtima, ndipo sindikana. Lero ndikuuzani za matenda a maganizo a amuna anga, ndi momwe boma linawadulira chithandizo cha odwala, chija kuno timangoti benefiti, chifukwa cha ukhondo wanga ndi bodza langa. Nkhaniyi ndikaikumbuka imandichititsabe manyazi, koma Mulungu anatitulutsamo, ndiye ndiinena momwe inalili.

Ine ndi bambo a Tadala tinabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, makolo athu anali ochokera ku Dedza. Tinabwera kuno mafamu atasokonekera, mapepala n'kutuluka bwinobwino. Ine ndinalowa ntchito yosamalira nkhalamba, iwo n'kupeza yoyendetsa mabasi aatali opindika pakati aja ankadutsa ku Peckham zaka zimenezo. Tsiku lina masana munthu wapanjinga analowa kunsi kwa basi yawo pokhota, n'kufera pomwepo. Apolisi anafufuza, anati dalaivala alibe mlandu. Koma munthu amene anabwera kunyumba tsiku limenelo sanalinso yemwe uja ndinatsanzikana naye m'mawa.

Anasiya kucheza, anasiya kusamba, makatani sankalola kuti nditsegule. Nyumba yathu ili pamsewu waukulu, ndiye basi ikangoti tswii mabuleki pasiteji, iwo ankanjenjemera thupi lonse, nthawi zina mpaka kudzikodzera. Malezala ndi mipeni ndinayamba kuyenda nazo m'chikwama chakuntchito, chifukwa tsiku lina ndinawapeza atagwira lezala, akungoliyang'ana, alibe n'cholinga chometa chomwe. A kuchipatala cha odwala maganizo anawapatsa mankhwala, ntchito inatha, benefiti n'kuyamba kubwera. Kutchalitchi ndinkangoti bambo ikuwavuta ndi BP. Pokwatiwa anankungwi anandilangiza kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo, ukamuvula mwamuna wako wadzivula wekha. Komanso mukudziwa pakamwa pathu ife, munthu akangomva mawu oti misala, mawa lake ana ako sakwatiwa.

Patapita miyezi kunabwera fomu ya boma yonenepa ngati buku la nyimbo. Inkafunsa ngati wodwalayo amasamba yekha, ngati amatuluka panja yekha, ngati amachita mantha popanda chifukwa. Safunsa anadya phula, abale anga. Ndinaidzaza ndekha, ndipo funso lililonse lochititsa manyazi ndinkalemba kuti palibe vuto, poganiza kuti kalata imene a kuchipatala anatilembera ndi yokwanira. Kenako anatiitana kuti dokotala wotumidwa ndi boma akawaone bambo ndi maso.

Ndinauzako Mayi Gondwe, mkulu wa amayi a chigwirizano, amene ankadziwa pang'ono chabe za vutoli. Iwo anati, "Amake Tadala, kuboma sapita ngati wopemphetsa. Azungu asakatiseke kuti ndife auve." Ine ndinaona kuti anena zanzeru. M'mawa wa tsikulo ndinalimbana ndi amuna anga maola atatu athunthu. Ndinawanyengerera, ndinawakoka, ndinawasambitsa ngati khanda, ndinawameta ndevu za miyezi iwiri, ndinawadzoza mafuta mpaka m'zigongono. Mayi Gondwe anabwera ndi suti ya amuna awo yosita bwino, tayi ndi nsapato zopolisha, anatitenganso pagalimoto yawo kuti bambo asaone basi pafupi. M'njira yonse ankawalangiza kuti akafunsidwa aziyankha mwaulemu, asakadandaule ngati mwana.

Dokotala uja, aa, sindikudziwa ngati angatizindikire titakumana naye lero. Maso ake anali pakompyuta basi, akungogogoda ndi zala ziwiri. Bambo a Tadala anaimirira polowa iye, anapereka moni ndi manja awiri monga tinaleredwera. Atafunsidwa kuti ali bwanji, anati ali bwino. Atafunsidwa ngati amasamba okha, anangowerama, ndiye ine ndi pakamwa pangapa ndinayankha kuti ee, amasamba. Za ngozi ija sanafunse, za mankhwala sanafunse. Tiyi amene Mayi Gondwe anagula pakhonde tinakamupeza akadali wofunda.

Kalata inabwera pasanathe masabata atatu. Inati wodwalayo anaoneka waukhondo, wovala bwino, waulemu, ndipo mkazi wake watsimikiza kuti amadzisamalira yekha, choncho akhoza kugwira ntchito, benefiti yaimitsidwa, akalembetse kwa ofuna ntchito. Ndinanyansidwa, abale. Munthu woti sangawoloke msewu, wina wamuyeza ndi tayi yobwereka! Koma chimene chinandinyansa kwambiri ndi mawu oti mkazi wake, chifukwa mkazi wakeyo ndinali ine.

Bambo a Tadala anaiwerenga kalatayo kawiri. Lachiwiri lotsatira ndinawaona atavala yunifomu yawo yakale, ati boma lanena kuti achira, ndiye akukapempha ntchito yawo. Ndinawaletsa, anandikankha, ine n'kuwatsatira ndi masilipasi. Anafika pasiteji yapafupi ndi msika wa Lewisham, basi inaima ndi phokoso lake lija, iwo anagwa chogwada n'kudziwonongera pomwepo, anthu akuona. Ndinawafunditsa chitenje changa n'kuwakokera kunyumba. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti kalatayo ikapanda kusinthidwa, munthuyu azibwererabe kumsewu mpaka tsiku lina sadzabwerako. Ndinagwada pafupi ndi makina ochapira, yunifomu ikuzungulira m'katimo, ndinati, "Ambuye, ndanama ndine, koma chilango chisagwere wodwala."

Ndiye mumve zonyansa zinazo. Patapita masabata atatu, Lamlungu lina, Mayi Gondwe, amene ndinali nditawauza za kalatayo, anaimirira kutsogolo kwa mpingo, nkhope ili waliwali, n'kulengeza kuti bambo a Tadala achiritsidwa, ngakhale boma la azungu latsimikiza ndi kalata. Nthungululu, ng'oma, anthu kuvina mpaka kuponya mipango m'mwamba. Anandiitana kuti ndiimirire, ndipo ndinaimirira, ndinati ameni. Asa! M'kamwa munawawa ngati ndatafuna kwinini. Ndinatuluka n'kukabisala kukhitchini ya holo imene tinkapemphereramo.

Kumeneko anandipeza Thoko. Uyu anali mtsikana wa ku Blantyre amene anabwera kudzaphunzira zamalamulo ku Greenwich, ndipo panthawiyo ankagwira ntchito ku ofesi ina ya maloya othandiza anthu mwaulere. Amayi a chigwirizano tinkamunena kuti ndi wamatama, wosakwatiwa, wobwera m'nyumba ya Mulungu atavala buluku. Ndikuti tinkamunena chifukwa inenso ndinali momwemo, ndipo mawu anga ankamveka kuposa a anzanga. Anatseka chitseko n'kunena motsitsa, "Anti, kalata yoti munthu wachira sachita kulemba a benefiti. Ndingaione? Inabwera liti?" Ndinafuna kumukalipira, koma manja anga anali atalowa kale m'chikwama. Anaiwerenga ataimirira, anati apilo imafunika isanathe mwezi, ndipo kwatsala masiku anayi. Lolemba m'mamawa ndinali pakhomo pa ofesi yake.

Mtsikana uja ntchito ankaidziwa. Analemba apilo tsiku lomwelo, anaitanitsa lipoti lonse la dokotala uja, analembera dokotala wamkulu wa kuchipatala cha maganizo kuti afotokoze matendawo mwatsatanetsatane. Anandionetsa kuti m'lipoti lija munali mafunso apadera a odwala maganizo, amene dokotala wa boma anangowadumpha ngati matope. Kenako anandipatsa kope la ana asukulu, ati tsiku lililonse ndizilemba zimene zachitikadi, kaya ndi mikodzo kaya ndi misozi. Anatinso tsiku la mlandu ndisawamete bambo, ndisawasitire malaya, apite momwe amakhalira Lachitatu wamba, ndipo ndidzayankhe zoona pamaso pawo.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinati, "Iwe mwana, ukufuna ndikawavule amuna anga pagulu? Sunalangizidwe iwe!" Iye sanakwiye, anangoti, "Anti, munawabisa bwino kwambiri, mpaka boma linakukhulupirirani. Lamulo limathandiza chimene laona." Ndinatuluka osatsanzika. Koma kope lija ndinalitenga.

Tinadikira miyezi isanu, ine ndikugwira mashifiti owonjezera kwinaku ndikupemphera kuti ndikawapeze amoyo pobwera. Kope loyamba linadzaza, ndinagula lachiwiri. Tsiku la mlandu litafika, manja ankandiyabwa kuti ndigwire ayironi, koma ndinadziletsa. Thoko anabwera ndi takisi. Bambo a Tadala anakwera ndi jekete lawo lonunkha thukuta, ndevu zili nyankhalala, ndipo ine njira yonse ndinkayang'ana pansi ndi manyazi.

Bwalo lake silinali ngati khoti la pa kanema. Chinali chipinda wamba, tebulo lalitali, mbali inayo kutakhala mayi woweruza ndi dokotala wina wachikulire. Thoko analankhula modekha, akutsegula mapepala limodzilimodzi, kuonetsa zimene lipoti lija linadumpha ndi zimene a kuchipatala analemba. Ndinamuyang'ana mwana amene ndinkamujeda uja akumenyera nkhondo banja langa, ndinachita manyazi ena pamwamba pa manyazi. Kenako woweruza anatembenukira kwa ine n'kufunsa chifukwa chimene ndinauzira dokotala woyamba kuti amuna anga amasamba okha.

Ndinati ndinanama. Chingerezi changa n'cha kuntchito, koma tsiku limenelo chinakwanira. Ndinanena za maola atatu aja, za suti yobwereka, za matiresi amene ndinawakuta ndi pulasitiki, za pasiteji paja. Ndinanenanso za malezala a m'chikwama, ngakhale bambo anali pambali panga ndipo ndinali ndisanawauzepo chifukwa chake ndinkawameta ndine. Sindinayerekeze kuwayang'ana. Mumtima ndinati basi, banja ndalithetsa ndekha, munthuyu sadzandikhululukira.

Woweruza anafunsa bambo a Tadala ngati ali ndi chonena. Iwo anadzutsa mutu n'kuyang'ana woweruzayo. Kenako anati, "Zonse wanena mkazi wangayu n'zoona. Wasiya chimodzi chifukwa sachidziwa. Akangotuluka kupita kuntchito, ine ndimalowa kubafa, ndimakhala m'chibeseni chosambira chija, chouma, mpaka ndimve kiyi wake pakhomo. Ndi malo okhawo m'nyumba mwathu amene mabasi samveka."

Mayo ine! Chaka ndi miyezi ndikudzitama mumtima kuti palibe chimene sindidziwa cha munthu ameneyu, makope awiri odzaza, koma maola khumi tsiku lililonse mwamuna wanga ankakhala m'beseni lozizira, ali yekhayekha, ndikamatsegula chitseko iwo n'kuthamangira pampando kuti ndiwapeze ngati munthu. Ine ndinkawabisa kwa anthu, iwo ankadzibisa kwa ine. Ndinalira mokweza momwemo, ndipo dokotala wachikulire uja anandikankhira bokosi la tishu.

Anatitulutsa panja kanthawi kochepa, n'kutiitananso. Apilo inapambana, benefiti inabwezeretsedwa kuyambira tsiku limene anaidula, ndipo anati bambo asakakamizidwenso kukafuna ntchito. Pakhonde ndinamugwira Thoko manja onse awiri, ndinati, "Zikomo, mayi, Mulungu akudalitseni." Kuyambira tsiku limenelo sindinamutchulenso kuti iwe.

Sindikunamizani kuti bambo a Tadala anachira, zoterozo ndinasiya. Akumwabe mankhwala, ndipo zimene ananena kubwalo kuja ndi zimene zinachititsa a kuchipatala kuwapezera mlangizi wokumana naye sabata iliyonse. Ine ndinasintha mashifiti kuti ndizibwera masana. Miyezi yoyambirira ndinkatenga kampando n'kukakhala nawo kubafa komweko, tikumwa tiyi, iwo m'beseni ine pambali, chitseko chili chotsegula.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wabodza, n'kutuma thandizo kudzera mwa munthu amene sindikanamusankha. Inu amene muli ndi wodwala maganizo m'nyumba, musataye mtima, ndipo kalata ya boma ikabwera musalimbane nayo nokha, pitani kwa odziwa malamulo nthawi isanathe. Pempherani, inde, koma nenani zoona, ndipo mumufunse wodwalayo amakhala kuti inu mukachoka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamlungu lapitali bambo a Tadala anakhala nane pabalaza, katani imodzi ili yotsegula, mpaka mabasi atatu anaima pasiteji n'kudutsa. Yachinayi itamveka anadzuka n'kupita kubafa, ine n'kuwatsatira ndi makapu. Mabasi atatu, abale anga. Ndithandizeni kutamanda Yehova. Ameni.