Kabotolo ka Nambala Folo

Nyumba yathu ili ndi bafa limodzi ndi shelefu imodzi, ndipo chiyambireni mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, kupita ku jimu m'mamawa, zonse ziwiri zinasanduka zake. Tsiku limenelo ndinkayamba ntchito kwa telala, amene anandiuziratu kuti seveni koloko ikangokwana ine kulibe, makinawo apatsa wina, ndiye faifi itangodutsa ndinali nditaima pakhomo la bafa, mwana kumbuyo, ketulo ya madzi otentha m'manja, chitseko chili chokhoma.

"Alamu!"

"Ndamva."

"Mwamva chiyani poti sindinanene kanthu? Tulukani. Ndisambe, ndisambitse mwana, ndikamusiye kwa mayi olera ana ndisanakwere basi."

"Pang'ono pokha. Ndili pa nambala fili."

"Mwa zingati?"

"Seveni."

"Mayo ine! Ndiye fulumirani, pakani folo."

"Sizitero. Fili ayambe wauma. Mphindi khumi."

"Pukutani ndi thaulo, auma pompano."

"Ndi thaulo?" Anaseka kuseri kwa chitseko, kaseko kaja komvera munthu chisoni. "Amake Bwanamkubwa, khungu si mbale ayi. Mafutawa ayenera kulowa."

"Kulowa kuti?"

"M'kati."

"Ndiye bwanji osangomwa?"

Bwanamkubwa, ndilo dzina la mwana wanga m'nyumba muno poti ndi amene amatilamula tonse, anandikoka tsitsi.

"Tamverani," anatero mlamu, mawu ngati a pa wailesi. "Wani ndi wotsuka. Thu ndi wotseka timabowo ta pakhungu. Fili ndi wamadzimadzi uja wodontheza."

"Timabowo mwatseka kale pa thu. Fili alowera pati?"

"Inu, dongosolo salumpha! Analikonza ndi anthu odziwa. Folo ndi wa ziphuphu. Faifi ndi wa m'munsi mwa maso."

"M'munsi mwa maso si pankhope?"

"Ndi pankhope, koma pali mafuta akeake."

"Nanga mphuno inalakwa chiyani kuti ikhale yopanda nambala?"

"Sikisi ndi wotsekera chinyezi," anapitiriza ngati sanandimve. "Seveni ndi wa dzuwa."

"Chabwino. Mukatha seveni yenseyo mukupita kuti?"

"Ku jimu, mukudziwa kale."

"Kukatani?"

"Kukatulutsa thukuta."

"Likadzera pati?"

"Paliponse. Pankhope pomwe."

"Ndiye zonsezi zikatsikira m'khosi."

"Ndikabwerako ndiyambiranso."

"Kuyambira wani?"

"Kuyambira wani."

"Basi, tangonenani kuti mukulera thaulo la ku jimu. Lisalala thaulo limenelo, lidzakwatiwa inu muli pomwepa."

"Nsanje! Khungu limafuna chitetezo munthu asanayambe masewera."

"Chitetezo? Kumeneko amakumenyani?"

"Ku mphepo! Ku fumbi! Ku dzuwa!"

"Dzuwa lake liti? Kunja sikunayere, ndipo jimu yanuyo ili ndi denga. Mumadzuka anthu ali m'tulo kukathamanga pa lamba wosafika kulikonse, kunyamula zitsulo n'kuzibwezera pomwe mwazitenga. Dzana ndinakupemphani mundinyamulire ndowa ya matewera, munati msana."

"Ndowa ilibe mphunzitsi."

"Ndizikuwerengerani ine. Wani, thu, mpaka pachingwe choyanikira."

"Simungamvetse."

"Zimene ndikumvetsa n'zoti telala uja sadikira kuti munthu aume."

Ndinatsitsa ketulo pansi n'kuyang'ana foni. Faifi twente. Madzi anali atayamba kufunda.

"Khalani momwemo mpaka mumere mizu. Mwanayu ndiyamba kumusambitsira m'beseni kukhitchini. Tangotsegulani pang'ono mundipatsire kabotolo koyera kali pashelefupo."

"Kati?"

"Ka chivundikiro chagolide. Kolembedwa folo."

"Folo? Ameneyo ndiye ndangoyamba kupaka. Fili wauma."

"Mukupaka inu? Mwatuluka zidzolo?"

"Zidzolo za chiyani? Folo ndi amene wandichotsa ziphuphu zonse. Dzulo mphunzitsi wa ku jimu anasiya kuwerenga pakati, n'kundiyang'ana, n'kuti, 'Achemwali, mwayamba kupaka chiyani?'"

"Munamuuza?"

"Ndimuuze? Kuti akauze atsikana onse aja?"

"Ndiye ndinu! Milungu iwiri ndakhala ndikudabwa kuti mafutawa akutha bwanji chonchi, mwana mmodzi yekha."

"Mwana? Mwana akubweramo bwanji mu folo wanga?"

"Ndimamupaka."

M'bafamo munagwa chinthu, n'kugubuduka mpaka kugunda chitseko.

"Mumamupaka. Khanda la miyezi isanu ndi itatu. Mafuta anga."

"Katatu pa tsiku. Akatsegula m'mimba, kasanu."

"Ambuye wanga! Nkhope ya khanda ikusowa chiyani? Ili ndi makwinya? Ikufuna kukopa ndani?"

"Nkhope? Ndani wanena za nkhope? Kumatako."

Chitseko chimene chinakana kutseguka chifukwa cha ntchito yanga chinatseguka nthawi yomweyo. Mlamu anaima pakhomo, zovala zothina za jimu zili m'thupi, kansalu kali kumutu, tsaya limodzi lili mbee, linalo likudikira. Kabotolo anakakumbatira pachifuwa ngati wakabereka yekha.

"Bwerezani."

"Kumatako. Ndi m'mphechepeche momwe."

"Mafuta amene achimwene anandigulira mwakachetechete, osafuna n'kuthokozedwa komwe, inu mukupaka kumene kumatuluka..."

"Achimwene anu? Munthu wosambira sopo wochapira ndiye akagule mafuta a ziphuphu?"

"Nanga ndani? Folo wanga atatha ndinataya kabotolo m'bini. M'mawa mwake ndinapeza katsopano pashelefu, kodzaza mpaka pakamwa, nambala atamatapo kale!"

"Si katsopano. Ndi komweko. Ndinakatola."

"Munakatola."

"Kabotolo kabwinobwino, chivundikiro chokhwima, n'kutaya? Ndinakatsuka ndi madzi otentha n'kuikamo mafuta a thewera. Chitini chake chija chinang'aluka chivundikiro, nyerere zimalowa."

"Mafuta a thewera."

"Eya. Oyera aja, olimba."

"Nanga nambala simunaichotse bwanji?"

"Selotepi yanu ndi yolimba, ndikanathyola chikhadabo. Komanso mwana sadziwa kuwerenga."

"Ndiye n'kuika pashelefu yanga?"

"Shelefu ndi imodzi. Ndikanaika pamutu?"

Ananunkhiza kabotolo. Anawerama n'kununkhiza mwana kumbuyo kwanga. Ananunkhizanso kabotolo.

"Ndiye chifukwa chake," anatero motsitsa. "Ndikamathamanga pa lamba paja ndimamva fungo la Bwanamkubwa. Ndimati ndi chikondi."

"Ndi thewera."

"Imani kaye." Maso anakula. "Mumatapa ndi chiyani?"

"Ndi chala."

"Chiti?"

Ndinamuonetsa.

"Chomwecho ndi chimene mumapakira?"

"Ndili ndi china chosunga m'kabati?"

"Mukapaka, mumabwereranso m'kabotolo?"

"Akachepa."

Mlamu anatuluka m'bafa ngati munthu woyenda ali m'tulo, n'kukatsamira khoma la m'khonde. Ine ndinakankhira ketulo m'kati mwa chitseko.

"Milungu iwiri," ankalankhula yekha. "Ndisanapite, ndikabwerako. Ndimasisita mozungulira, kuchokera pansi kupita m'mwamba, ngati mmene amanenera odziwa aja. Ndimadikira mphindi khumi kuti alowe!"

"Analowa?"

"Musandiseke!"

"Sindikuseka, ndikufunsa. Ziphuphu zatha kapena ayi?"

Anagwira tsaya loumalo. "Zatha."

"Folo wanu weniweni uja anazichotsa?"

"Ameneyo amati zimatenga miyezi itatu."

"Munamupaka miyezi ingati?"

"Isanu."

"Zinatani?"

"Zinaitana anzawo."

"Ndiye pamenepo. Mabotolo seveni, wogwira ntchito ndi mmodzi, nayenso ndi wa mwana wanga. Enawo akungodzaza shelefu ngati alendo osatsanzika."

"Ayi, amagwira pamodzi. Ndi dongosolo."

"Bwanamkubwa alibe wani, alibe thu, alibe seveni. Madzi, thaulo, folo, basi."

"Ndiye n'kutani?"

"N'kusalala."

"Bodza. Tamutsitsani ndione."

Ndinamasula nsalu, n'kumutembenuza mwana pamkono, n'kutsitsa thewera pang'ono. Mlamu anawerama, tsaya loyera kutsogolo, ngati dokotala.

"Ii!" anatero. "Ngati dzira losenda."

"Osapita ku jimu. Osadikira mphindi khumi."

"Palibe n'kadontho komwe." Anatulutsa foni m'thumba la buluku, n'kuyatsa kamera, n'kumayang'ana nkhope yake, kenako mwana, kenako nkhope yake. "Koma zikufananadi. Taonani apa. Kuwala kwake ndi kumodzi."

"Mukadzakumana ndi mphunzitsi uja muzamuuze kuti muli awiri."

"Mukangoulula zimenezi kwa achimwene, ine ndi inu tathana."

"Ine ndilibe nthawi yolalikira. Tagwirani bwino foniyo, ikugwa."

Atangosamutsira kabotolo kudzanja lamanzere kuti agwire foni, ndinakatsomphola. Phazi limodzi, lachiwiri, ndili m'bafa, mwana pamkono. Chitseko phaa, loko kweche. Faifi fote. Madzi anali akadali ofunda, ndipo basi ya sikisi hafu inali ikadali yanga.

Ndisanathire n'komwe madzi m'beseni, kugogoda kunayamba.

"Alamu!"

"Ndamva."

"Simunamve! Tsaya linali!"

"Latani?"

"Sindingapite ku jimu mbali imodzi yoyera, ina ili chonchi. Mphunzitsi aona."

"Pukutani ndi thaulo."

"Sindikufuna kupukuta." Mawu anatsika mpaka pabowo la kiyi. "Ndikufuna ndipake linalo. Pang'ono pokha, amake Bwanamkubwa. Ka pachala."

"Chala chiti?"

"Chilichonse!"

"Dikirani. Mwini wake ali pa nambala wani."

"Ndichedwatu! Masewera ayamba sikisi!"

Bwanamkubwa, ali m'beseni tsopano, anamenya madzi ndi manja onse awiri, n'kuseka. Ndinatsegula chivundikiro chagolide chija n'kuika kabotoloko pashelefu, pamalo pake, pakati pa fili ndi faifi.

"Matako kaye, alamu, nkhope pambuyo. Dongosolo salumpha."